Buledi Wagwera Mumphika

Pamsika wa nyengo yozizira mumzinda wa Fribourg, a Zbinden anapezeka pabenchi limodzi ndi mayi wosamudziwa, onse akuviika buledi mumphika umodzi wa tchizi chosungunuka.

"Kalanga ine, buledi wanga wagweramo!" anatero mayiyo. "Mwambo mukuudziwa, bambo. Mkazi akagwetsa buledi amapsompsona mwamuna amene wayandikana naye."

A Zbinden anapisa foloko yawo mumphikamo mwachangu.

"Musavutike, mayi, ndakuvuulirani. Nayu. Palibe waona."

"Zikomotu. Ha, wagweramonso!"

"Foloko yanuyo ndi yopindika. Tengani yangayi."

"Bambo, kodi kunyumba alipo amene angakwiye?"

"Ayi, ndinatsala ndekha. Ndi kagalu basi."

"Ndiye ikani folokoyo pansi. Wachitatuyu ndikumugwetsa inu mukuona, ndipo mukangomuvuulanso ndikusamukira benchi linalo."