Dzanja Lofiira Kuseri kwa Chitseko

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ambiri mukudziwa kuti mkazi wanga Tiwonge anaphedwa m'nyumba mwathu ku Salisbury Lines mumzinda wa Mzuzu, ndipo ena munamvanso kuti woyamba kumangidwa pa imfa yake ndinali ine. Ndakhala nthawi yaitali osaikamba nkhaniyi. Lero ndiikamba kamodzi, kuti Mulungu alandire ulemu wake.

Linali Loweruka. Ine ndine mphunzitsi, ndipo m'mawa umenewo ndinapita ku Luwinga kukaphunzitsa ana okonzekera mayeso. Tiwonge ndinamusiya akukankhira mipando kukhoma. Loweruka lililonse ankapaka polishi wofiira pansi, koma ankadikira kuti ndichoke kaye, chifukwa ankati nsapato zanga sizimva kulangizidwa. Masana foni yanga inalira. Mayi woyandikana nafe anamupeza ali chigonere pabalaza, atazizira kale.

Pamene ndinkafika, nyumba yanga inali itasanduka kale nyumba ya maliro. Mukudziwa mmene timachitira kuno. Amayi a kumpingo anali atakolopa pansi kuti ndisaone magazi a pamutu pake, ndipo abambo anali atatulutsa mipando, tebulo ndi kabati kuti olira apeze pokhala. Anachita izi mwachikondi ndipo sindiwaimba mlandu. Amene anatsogolera kutulutsa katunduyo anali Lusekelo, mnzanga wa m'kwaya, munthu amene ankadya kwathu ngati m'bale. Ndiye anandichingamira pageti n'kundikumbatira, misozi yake ikunyowetsa kolala ya malaya anga. "Pepani chomene, achimwene," anatero. "Limbani mtima."

Apolisi ofufuza milandu atafika anapeza pansi pokolopa bwino, katundu ali panja, ndi manja a anthu ambirimbiri atagwira paliponse. Chitseko sichinathyoledwe ndipo palibe chinabedwa. Dokotala atapima thupi ananena kuti Tiwonge anakanyangidwa pakhosi m'mawa, pafupi ndi nthawi imene ine ndinachoka. Kenako wina anauza apolisi kuti dzulo lake anatimva tikukangana. Sitinakangane. Koma ndikanakhala wapolisi, nanenso ndikanamanga mwamunayo.

Tiwonge anaikidwa kwawo ku Nkhata Bay ine ndili m'chitolokosi. Apongozi anga, amene kale ankanditchula mwana wawo, anatumiza mawu akuti phazi langa lisadzaponde pamanda pake. Anthu amene ndinawaphunzitsira ana awo anayamba kukumbukira kuti maso anga akhala achilendo kuyambira kale. Lusekelo yekha ndiye sanandisiye. Ankabwera ndi buledi ndi tiyi wa m'fulasiki, tinkagwirana manja n'kupemphera, ndipo ine ndinkadya n'kumuthokoza.

Ndikakhala ndekha kupemphera kunkandikanika. Ndinadutsa ku koleji, ndimadziwa kulongosola mawu, koma pamaso pa Mulungu ndinatsala ndi chiganizo chimodzi chokha. Ndinkati, "Ambuye, Inu munalimo m'nyumbamo, nenani." Sindinkapempha kutuluka ayi. Ndinkangoopa kuti mkazi wanga adzakumbukiridwa ngati munthu amene anaphedwa ndi mwamuna wake.

Yankho linabwera kudzera mwa Mayi Nyirenda, mmodzi wa ofufuza aja, mayi wosaseka amene ndinkaganiza kuti amandida. Tsiku lina anandiitanitsa, ndipo sanandifunsenso za mkangano. Anati, "Aphunzitsi, akazi anu ankapaka polishi inu mulipo, kapena mutachoka?" Ndinayankha kuti nditachoka. Anandiuza kuti nditambasule manja patebulo, anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anangondithokoza kuti, "Yewo," n'kutuluka.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake, zina kwa iwo, zina m'khoti. Mayi Nyirenda ndi anzawo anabwereranso kunyumba kuja atavala magolovesi, nafufuza khoma lonse ndi tochi. Kuseri kwa chitseko cha pabalaza, m'munsi ndithu, anapeza chidindo cha dzanja, chofiira. Chitsekocho chinakhala chotsegula maliro onse, ndiye chinabisa malowo ndipo palibe amene anapukutapo. Munthu anali atagwada pa polishi wosauma, ndipo podzuka anatsamira khoma. Anajambula chidindocho n'kuchifananitsa ndi dzanja la Tiwonge ndi langa. Sichinali cha aliyense wa ife.

Atatero anapempha onse amene anathandiza pa tsiku lija kuti abwere adzadinde zala, ponena kuti akufuna kusiyanitsa manja a olira ndi ena. Akuti Lusekelo anali woyamba pamzere, akuchita nthabwala. "Anga muwapeza paliponse, amama. Mipando yonse ija ndinanyamula ndine." Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake anathamangira kunyamula. Zala zake zinali pa tebulo, pa kabati, pa mpando uliwonse, ndipo zonsezo zinali ndi chifukwa chake. Koma polishi sachedwa kuuma. Chidindo chofiira chija chinafanana ndi dzanja la Lusekelo, ndipo iye anali atauza apolisi kuti anafika masana atamva kulira, pamene dzanja la pakhoma linadinda m'mawa, pansi pakadali ponyowa. Kunyumba kwake anapeza polishi yemweyo atalowa m'misoko ya nsapato zake. Atamuvula jekete limene sankalivula ponamizira kuzizira kwa Mzuzu, pamkono pake panali zipsera za zikhadabo, zogwirizana ndi khungu limene dokotala anachotsa m'zala za Tiwonge.

Anavomera, ndipo ine ananditulutsa m'chitolokosi. Anali akumuvutitsa mkazi wanga mseri, ndipo tsikulo Tiwonge anamuuza kuti akanena kwa ine ndi kwa akulu a mpingo. Amene anauza apolisi za mkangano uja analinso yemweyo.

Nditamva zimenezi sindinalire. Ndinatuluka panja n'kusanza. Ndinakumbukira buledi uja, mmene ankamunyemera ndi manja ake n'kundipatsira, manja omwewo, ine n'kumati ameni. Mpaka lero munthu akanditambasulira dzanja popemphera, thupi langa limakana lisanandifunse. Abusa amandiuza za kukhululuka ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona, koma sindinamize mpingo kuti ndafika pamenepo. Sindinafike.

Khoti litamupeza Lusekelo wolakwa, apongozi anga anabwera okha ku Mzuzu, nandipeza ku Mzilawaingwe kumene ndikukhala tsopano. Anakhala pansi pakhomo, akukana mpando. Anati, "Mwana wanga, ndinakutukwana pamaliro a mkazi wako. Tiye ukamuone." Tinakwera minibasi limodzi. Kumandako anandilozera mtumbira n'kubwerera m'mbuyo, ndipo ndinagwada pamenepo ngati mwamuna wake, pamaso pa abale ake onse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi la munthu wotopa. Ndikuthokoza Mayi Nyirenda ndi anzawo, amene anabwereranso m'nyumba yokolopakolopa pamene mzinda wonse unali utagamula kale mlandu wanga. Kwa inu a mpingo ndili ndi pempho limodzi. Munthu akafa mosadziwika bwino, chikondi chanu chidikire apolisi afike kaye, musakolope ndipo musatulutse kanthu.

Ndipo iwe amene ukunamiziridwa lero, amene abale akutaya ndipo mawu opempherera akuthera, usasiye. Nena ochepa amene watsala nawowo, mawa udzawanenenso. Mulungu sanandibwezere Tiwonge, ndipo sindinena kuti zonse zili bwino. Koma ndikapita ku Nkhata Bay tsopano, amandipatsa khasu kuti ndilambule pamanda pake ndekha.

Ambuye akusungeni nonse.