Maliro Akudikira Tiyanjana

LOLEMBA

Omvera athu a kuno ku Mangochi, ku Monkey Bay mpaka kumalire ku Chiponde, tcherani khutu, mwina uthengawu ndi wanu.

A banja la malemu Che Jaffalie a kwa Mponda akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti sadaka ya masiku makumi anayi ichitika Lamlungu likudzali pakhomo pa malemuwo. Akupemphanso onse amene ali ndi kanema wa maliro a bambo awo akuwoloka mlatho wa Shire pa jeneza, chithatha chonyamulira maliro, uja anaikidwa pa Fesibuku ndi mawu akuti, "Womwalira akuthamangira kuti? Amoyofe tikupsa ndi dzuwa kudikira kuti adutse," kuti amufufute m'mafoni mwawo. Akuti bambo awo anali telala, sanali sewero. Chilengezochi chachokera kwa Muhammad Jaffalie, mwana wachisamba wa malemuwo.

A Fletcher Marko a ku Malindi akudziwitsa onse kuti achemwali awo, a Tiyanjana Marko, a zaka 26, asowa. Anachoka pakhomo Lachitatu lapitali m'mawa atavala chitenje cha kwaya. Nkhope yawo mukuidziwa kale, muli nayo m'mafoni mwanu. Mwakhala mukutumizirana kwa milungu isanu chifukwa cha kanema wa pamlatho uja, amene anaikidwa pa tsamba lawo la Fesibuku. Zimene chithunzicho sichionetsa n'zakuti amayenda mokoka mwendo wamanzere, ndipo akamasita zovala amaimba chamumtima. Ntchito ya musitolo inawathera, akwaya anawauza kuti ayambe apuma, ndipo pamsika amawaitana kuti Abiti Fesibuku. Amene angawaone asawajambule. Angowauza kuti amayi sakudya. Chilengezochi chachokera kwa mlongo wawo, Fletcher.

LACHITATU

A Fletcher Marko akudziwitsa abale a ku Malindi, ku Likoma ndi ku Limbe kuti mayi awo, mayi Elina Marko, atisiya m'mawa wa lero atadwala BP. Mawu awo otsiriza anali akuti, "Fuleti, uwatelekere madzi osamba achemwali ako, abwera ndi fumbi." Maliro aikidwa Loweruka, mwambo wa kutchalitchi ukatha.

Akuthokoza amene anaimba foni. Wina akuti anaona a Tiyanjana ku Monkey Bay atakhala padoko, akuyang'ana Ilala mpaka inazimiririka, osakwera. Wina akuti anawaona ku Chiponde ataima pakati pa njinga zonyamula shuga, ngati munthu woiwala kumene amapita. A Fletcher akuti iwo amawaona kutulo: akuwoloka mlatho osatsimphina, anthu onse atatsika panjinga, palibe wogwira foni. Madzi aja anatelekedwa. Chilengezochi chachokera kwa Fletcher, pasiwa.

LACHINAYI

Kalata iyi mwini wake watipempha kuti tisadumphe mzere.

A Fletcher Marko akudziwitsa a banja la Che Jaffalie, ndi onse amene anatukwana, kuti mawu aja sanalembe ndi a Tiyanjana. Tsikulo a Fletcher anabwereka foni ya achemwali awo popita kukasaka ntchito kuboma. Pamlatho wakabaza anaima nanena kuti, "Tsikani achimwene, kukudutsa munthu." Iwo anatsika, anajambula, analemba, anaseka okha, osaona kuti akulemba pa dzina la mwini foni. Zinthu zitavuta, a Tiyanjana anati, "Khala chete, Fuleti. Iwe ndiwe mwamuna, akuphwanya mutu. Ine angonditukwana basi." Iwo anakhaladi chete, milungu isanu, akudya pambale imodzi ndi munthu amene amawasenzera mlandu.

Akuti zaka ziwiri zimene anakhala kukoleji asanaisiyire panjira zinawaphunzitsa kulemba mawu oluma, koma kuwabweza ayi. Ofuna nkhope yoti atumizirane aipeza pasiwa ku Malindi, pansi pa mtengo wa mango. Chilengezochi chachokera kwa mwini mlandu, Fletcher.

LACHISANU

Mayi Mwanabibi, mkazi wa malemu Che Jaffalie, akudziwitsa a Tiyanjana Marko, kulikonse kumene ali, kuti mlongo wawo anafika kwa Mponda dzulo masana, nagwada pabwalo. Popeza mayiwa ali pa eda, miyezi imene wamasiye satuluka pakhomo, anayankhula naye ali kuseri kwa chitseko. Anamuuza kuti, "Dzuka, ukundidetsera pabwalo ndi misozi. Uli ndi cholembera? Lemba."

Mawu awo ndi awa: "Mwanangu Tiyanjana, kanema uja sindinamuone, foni yanga ndi ya mabatani. Ndinangomva kuti amuna anga anaimitsa mlatho wonse, ndipo ndinati, aa, telala uja. Kudepoti usatsikire, kuli pakamwa pambiri. Utsikire kwa Mponda, ufunse pa Che Jaffalie. Muhammad akakutula ku Malindi pa njinga yamoto, ndipo amuna a kumzikiti kwathu akathandiza kukumba. Mlongo wako anafunsa kuti womwalira amathamangira kuti. Ife athu timathamanga nawo kuti akapume msanga. Mayi ako sakuthamanga. Akudikira iwe."

A banja la Marko akuwonjezera kuti mawa bokosi silinyamuka mpaka njinga yamoto ya kwa Mponda itafika. Chilengezochi chachokera kwa mayi Mwanabibi. Wolemba ndi Fletcher, atatsamiritsa pepala pachitseko chawo.