Ogona Pansi pa Nsomba

Basi inachedwa. Mayi wina, amene mwana wake wamkazi anali atangolembedwa ntchito pa sitima yapamadzi yonyamula alendo, anaona chithunzi cha sitima pachikwama cha bambo wokhala naye pabenchi, ndipo analephera kupirira.

"Pepani bambo, munagwirako ntchito m'sitimazi? Mwana wanga akunyamuka mawa. Akuti akaona dziko."

"Akaona mapilo, mayi. Ine ndayala mabedi mmenemo mpaka imvi izi."

"Koma akuti ndi yatsopano, yosanjikizana ngati hotela."

"Chatsopano ndi penti. Yagulitsidwa kangapo, dzina amangofufuta n'kulemba lina. Chaka china anaidula pakati ngati buledi, n'kulowetsapo zipinda zina, n'kuwotcherera."

"Mayo ine! Ndiye singamire?"

"Kumira ayi. Chondiseketsa n'chakuti pamwamba anamangapo dziwe losambiramo. Anthu azunguliridwa ndi nyanja yonse, koma akulimbirana kabafa."

"Nanga antchito amagona kuti?"

"Pansi penipeni, pafupi ndi injini, kopanda windo. Nsomba zina zimagona pamwamba pathu."

"Ndimuletse?"

"Musamuletse. Inenso ndikubwerera komweko."

"Kudandaula konseku?"

"Kunyumba tulo sitibwera, mayi. Bedi siligwedezeka, ndiye akazi anga atopa kuligwedeza ndi mwendo."