Pamene Msewu Unakhota

Pa siteji, mayi wina ndi bambo wa imvi ankadikira basi.

"Bambo, msewuwu unakhoteranji pamenepa? Palibe phiri, palibe mtsinje."

"Kale inali njira ya ngolo, mayi, yowongoka bwinobwino. Anaukhotetsa ndi kapitawo wa anthu othira phula."

"Analedzera?"

"Ayi. Kuseri kwa mitengo iyo kunkakhala mtsikana wina. Kapitawoyo ankafuna kuti ntchito idutse pakhomo pake."

"Msewu wa boma kukhotera mkazi! Ndiye anamukwatira?"

"Phula litauma, anapitirira ndi makina ake. Sanabwerenso."

"Inu mwazidziwa bwanji zonsezi?"

"Mtsikanayo anali amayi anga. Ine ndinabadwa chaka chotsatira."

"Pepani. Ndiye mukukawafunafuna bambowo?"

"Amenewo anamwalira kalekale. Koma msewuwu ndi wautali, umakafika mpaka kumalire. Paliponse pamene unakhota popanda chifukwa, ndimatsika n'kufunsa ngati pali m'bale wanga."

"Mwapezapo?"

"Awiri, ndipo mphuno zathu n'zofanana. Nanga inu kwanu n'kuti?"

"Kutsogoloku, pamene unakhotanso. Bambo, tatembenukani ndione mphunoyo."