Magawo awiri a mwana woyamba

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene sanandisiye mu uchitsiru wanga. Abale ndi alongo, moni nonse. Zimene ndikulembazi zikundichititsa manyazi, koma ndatopa nako kubisa.

Bambo atamwalira ku Dedza anasiya madimba atatu. Tinabadwa awiri, ine woyamba ndi mlongo wanga Esinati, amene wakhala akusamalira amayi chidwalireni sitiroko. Ine, wotsogolera phunziro la Baibulo kuno kutsidya kwa nyanja ku North York, ndinamulembera uthenga pafoni kuti chilamulo cha Aisraeli chimapatsa mwana woyamba magawo awiri, choncho madimba awiri ndi anga, ndipo wogula ndamupeza kale. Ndinaikapo ndi vesi lomwe. Esinati sanayankhe. Amayi anakana kulankhula nane miyezi inayi. Ndikati ndipemphere zinkakanika, komabe ndinkati olakwa ndi iwowo.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. M'mawa wina ndikumeta ndevu agogo ena achiyuda, ndinawafotokozera nkhaniyi monyadira, poganiza kuti eni chilamulo andivomereza. Anandigwira dzanja kuti ndiime kaye.

"Magawo awiri, inde. Nanga amayi ako amawasambitsa ndani?"

"Mlongo wanga."

"Ndiye woyamba ndi iyeyo. Ife anatiphunzitsa kuti gawo lachiwirilo ndi lodyetsera mayi wamasiye ndi onse a pakhomo. Iwe gawo ukulifuna, mtolo wake ukuukana? Malizitsa ndevuzi, usandisiye ngati tonde."

Ndinamaliza kuwameta. Ine wosambitsa makolo a eni tsiku ndi tsiku, ndinkafuna kulanda munda wa amene akusambitsa mayi anga, ndipo ndinapita kukabisala m'Mawu a Mulungu.

Nditaweruka ndinaimba foni ndili pokwerera basi. Mwachisomo Esinati anayankha. Ndinati, "Achemwali, ndinalakwa. Madimba onse ndi anu."

Iye anati, "Achimwene, tomato wa m'dimba mumati mugulitselo ndi amene amagula matewera a amayi. Mumadziwa?"

Sindinkadziwa, chifukwa sindinafunsepo. Kenako ndinamumva akuti, "Amayi, ndi mwana wanu uja." Ndi lilime lawo lolemera ndi sitiroko, amayi anangondifunsa kuti, "Ubwera liti?" Tchuthi ndapempha kale, ndikupita kukawanyamula ndi manja angawa.

Inu amene muli kutali ndi kwanu ngati ine, musatope kupempha mtima womva kudzudzulidwa. Ambuye akusungireni makolo anu, akupatseni mapewa osenza za pakhomo panu, ndipo dzina lanu lisafafanizike pakati pa abale anu. Amen.