Njerwa za Festus

Olemekezeka nthumwi za mafumu athu a dera lino la Rufunsa. Olemekezeka ba Khansala. Olemekezeka ansembe ndi abusa a mipingo yonse. Olemekezeka ba Inspekita ndi apolisi anzanu. Aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi nonse. Ba Patson Njobvu, wapampando wa komiti ya chitukuko, pamodzi ndi komiti yanu. A kwaya amene mwaimba kuyambira m'mawa osamwa ndi madzi omwe. Amayi ndi abambo, anyamata ndi atsikana: ndikupatsani moni nonse, ndipo ulemu umene mwandipatsa ndaulandira ndi manja awiri.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Estina Mvula, mwana wa ku Shikabeta. Ndagwira ntchito ya unesi pakati pa odwala maganizo ku Lusaka zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndapuma chaka chino. Mwandiitana kuti ndidzatsegule Nyumba ya Tiyambenso, nyumba imene mwamanga ndi manja anu kuti anthu ogwidwa ndi chamba ndi mowa azipeza uphungu pafupi ndi kwawo, asanafike poti muwamange ndi malegeni n'kuwakweza pa minibasi.

Ndithokoze amayi amene munatunga madzi mpaka makosi anauma. Ndithokoze abambo amene munadula nkhuni za uvuni. Ndithokoze mipingo imene inabweretsa malata, ndi madilaiva a malole a pa msewu waukuluwu amene anatitulira mchenga popanda kudandaula. Mwagwira ntchito, ndipo aliyense wodutsa pano aziona ndi maso ake.

Kuthokoza kwanga kwathera pamenepo. M'chikwama changa muli masamba atatu a mawu okoma amene ndinalemba ku Lusaka, koma sindiwawerenga, chifukwa cha zimene ndinamva dzulo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwandiitana nokha, ndiye mupirire.

Dzulo masana, nditangotsika basi, ba Patson anandiyendetsa kuzungulira nyumbayi. Ndinawafunsa kuti, "Ba Patson, njerwa zonsezi munaumba bwanji m'masabata atatu okha?" Iwo anamwetulira, nakonza tayi wawo, n'kunena kuti, "Ba Sisita, anyamata tinawasunga bwino maningi. M'mawa kumwa munkoyo, masana nyemba, manje dzuwa likafika pamutu tinali kuwapatsako kafodya kamphamvu, kaja kakakulu, kuti asamve kulema."

Ndinayesa kuti makutu anga akalamba, ndiye ndinafunsanso. Anabwereza, mokondwa ndithu, ngati munthu wosimba kuti anaphera alendo mbuzi.

Anthu anga, mwamanga nyumba yochiritsira chamba ndi njerwa zoumbidwa ndi chamba!

Sekani, sekani. Nanenso ndikanaseka nkhaniyi ikanathera pamenepo. Ba Inspekita, kabuku kanu kabwezereni m'thumba. Mukayamba kulemba mayina lero mufunika lole yathunthu, ndipo kwaya itsala yopanda oimba besi. Ba Patson sanachite zimenezi okha, komanso sanazichite ndi mtima woipa. Komiti yonse inavomera, chifukwa ndi mmene timachitira kuno: popalira, potcha makala, pokumba chitsime, timati mwamuna apatsidwe kafodya kuti ntchito iyende. Ba Patson ndinawauza m'mawa uno kuti ndinena poyera, ndipo sanathawe. Pa chimenecho ndikuwalemekeza.

Koma pakati pa oumba njerwa panali Festus Ngoma, uyo wakhala pa benchi lakumapeto, wavala shati yobiriwira. Ndinamupempha chilolezo chotchula dzina lake, ndipo anandiyankha kuti, "Kambani chabe, ba Sisita, ine manyazi anatha kale." Nonse mukumudziwa, palibe pano wodziwa chikombole kuposa iye. Chaka chatha, mwezi ngati uno, anafika m'manja mwanga ku chipatala atamangidwa manja ndi miyendo, akufuula kuti wailesi ikumunena ndiponso kuti mkazi wake Mailesi akumuthirira mankhwala m'madzi. Tinamusamala masabata asanu ndi limodzi. Anatuluka ali munthu, anasiya chamba, ndipo anakhala miyezi isanu ndi itatu osasuta. Mailesi, amene anali atathawira kwa amayi ake ku Mpanshya, anabwerera ndi mwana wawo Thelma. Festus ananenepa, anayambanso kupemphera, ndipo pamene munalengeza za nyumbayi, woyamba kukweza dzanja anali iyeyo. Anati, "Nyumba iyi ndi yathu ife, ndiumba njerwa mahala, osalandira ndalama."

Tsiku loyamba fodya atazungulira, anakana. Tsiku lachiwiri anakana, nasamutsa chikombole chake kupita kumene utsi sufika. Tsiku lachitatu wina anamuuza kuti, "Iwe, kamodzi chabe, si ya chitukuko iyi?" Kuyambira tsiku limenelo mpaka dzulo wakhala akusuta. Tulo tamuthawa, wailesi yayambanso kumunena, ndipo masabata atatu apitawa Mailesi anabereka Thelma kumsana n'kubwerera ku Mpanshya.

Ndikuona kuseka kwatha. Tsono mverani, chifukwa zimene ndinene pano ndazinena kwa makolo a odwala mpaka lilime langa latopa.

Ubongo ndi nyama, monga mtima ndi chiwindi. Mkati mwake muli timitsempha tosawerengeka timene timatumizirana mauthenga ndi timankhwala timene thupi limapanga lokha. Zaka zochepa zapitazi akatswiri atulukira kuti kena mwa timankhwala timeneti kamagwira ntchito mofanana ndi mankhwala a m'chamba. Ndi kamene kamathandiza kuti umve njala pa nthawi yake, ugone pa nthawi yake, mtima uzizire ukapsa, ululu uchepe. Thupi limathira kamankhwalaka monga mayi amathirira mchere m'ndiwo, ndi nsonga za zala. Chamba chimathira ndi dzanja lonse. Masiku oyamba zonse zimakoma: munthu amaseka chabechabe, amadya ngati wachoka kundende. Koma ubongo sukonda kusefukiridwa, ndiye umayamba kutseka malo ena amene umalandirira mankhwalawo. Pamenepo ndudu imodzi sikwananso, amafuna ziwiri, kenako zinayi. Choipa kwambiri n'chakuti kamchere kaja ka thupi lake sakukamvanso. Chakudya, mpira, mwana wake akamuseka, zonse zimakhala zozizira, mpaka asute.

Akayesa kusiya, masabata awiri oyamba amakhala wa ukali, sagona, sadya, thukuta lili kamukamu. Ndiye inu mumati, "Mwaona, akapanda kusuta amadwala, ndiye kuti ndi mankhwala ake." Mankhwala ake a chiyani? Umenewo ndi ubongo ukulimbana kuti utsegulenso zimene unatseka, ndipo ukapatsidwa nthawi umatsegula. Inu mumafika pakati pa nkhondoyo ndi chifundo chanu n'kumupatsa ndudu.

Nanga mphamvu imene mumanenayo ili kuti? Mphamvu inali m'nyemba zija. Chamba chimangogonthetsa munthu kuti asamve thupi likamuuza kuti latopa, chimamusokoneza nthawi, chimamuiwalitsa zimene amachita. Mukapanda kundikhulupirira, mwambo ukatha muzungulire kuseri kwa nyumbayi mukaone mulu wa njerwa zimene mmisiri anakana. Zina zokhota, zina zopanda ngodya, ina ili ndi phazi la munthu pakati. Mufunse oumbawo kuti zimenezo anaumba nthawi yanji, m'mawa kapena fodya atazungulira. Ine ndinafunsa kale.

Ndikuona madala ena kumbuyoko akupukusa mitu. Ndikudziwa zimene mukunena: "Ine ndasuta kuyambira nthawi ya atsamunda, kodi ndinapenga?" Simunapenge, ndipo sindinabwere kudzakunamizani kuti aliyense wosuta amavula zovala pamsika. Mwa anthu khumi osuta, pafupifupi mmodzi ndiye amakodwa mpaka kulephera kusiya. Ndipo alipo ena, makamaka amene anayamba ali aang'ono kapena amene kwawo kuli matenda a maganizo, amene chamba chimawadzutsira mantha ndi mawu osaoneka mwini wake. Vuto n'lakuti palibe amene amabadwa ndi chizindikiro pamphumi. Mukamagawa fodya pa dzenje la dothi, simungadziwe kuti mmodziyo ndi uti.

Koma apa munkadziwa! Chimene chandipsetsa mtima n'chimenechi. Amene munamumanga Festus chaka chatha ndi inu nomwe. Amene munamugwirira pa minibasi ndi inu nomwe. Munayesa kuti poti wanenepa ndiye kuti zatha? Ubongo suiwala. Njira imene munthu wayendamo zaka zisanu, ngakhale imere udzu, phazi limaipeza. Kwa munthu ngati Festus fungo lokha ndi mayeso, ndipo iye anapirira fungolo masiku awiri, akuponda dothi la nyumba yanu.

Musaganize kuti ndikulankhula ngati munthu wa m'tauni wosadziwa khasu. Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi ku Shikabeta, bambo anga ankandituma kukathyola masamba a chamba kudimba, n'kuwayanika padenga la nkhokwe. Nthawi yopalira ankapatsa mlongo wanga Aaron, amene anali wanzeru kuposa tonse m'nyumba mwathu, kuti amalize mizere yambiri. Bambo ankamukonda Aaron, ndipo ankayesa kuti akumuthandiza. Patapita zaka zitatu, Aaron anayamba kulankhula ndi anthu amene ife sitinkawaona. Tinapita naye kwa asing'anga awiri, tinanamizira azakhali athu ufiti, koma fodyayo tinkamupatsabe, poti akasuta ankakhala chete. Tsiku lina m'mawa anatenga chipewa chake n'kulowera ku chigwa cha Luangwa. Tinafufuza mwezi wathunthu. Manda a Aaron sindiwadziwa mpaka lero, ndipo masamba aja ndinkathyola ndine.

Ndicho chifukwa chake ndinasankha ntchito imene anzanga ankaithawa. Ndipo ndatopa, anthu anga, ndatopa ndithu. Zaka makumi atatu zapita, njinga zachuluka, masukulu achuluka, mwana wa ku Shikabeta wafika pokhala mlendo wolemekezeka, koma pa dzenje la dothi tikunenabe mawu omwe aja a bambo anga. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndikutsinani: nyumbayi sichiza munthu ngati pakhomo pake pali anthu ogawa fodya mwaulemu. Alangizi amene azikhala muno adzakhala ndi wodwala ola limodzi pa sabata. Maola ena onsewo ali ndi inu, kumunda, kumakala, kumaliro.

Ndamva kuti mwezi wamawa muyamba kuumba njerwa za nyumba ya aphunzitsi. Wonjezerani nyemba, wonjezerani munkoyo, ntchito itenge masabata asanu ngati ifuna. Ndidzabwera osanena tsiku, ndipo mphuno yanga siinapume pantchito.

Mailesi, mwana wanga, ndakuona uko pansi pa mtengo wa mango, Thelma ali kumsana. Ndikudziwa kuti wapalasa njinga kuchokera ku Mpanshya. Sindikupempha kuti ubwerere lero, ndipo pasapezeke munthu pano wokukakamiza, chifukwa wasenza kale zambiri zimene sizinali zako. Ndikungokuthokoza kuti wabwera kudzaona ndi maso ako.

Dzulo, nditamaliza ndi ba Patson, ndinapita kwa Festus. Ndinamupeza atakhala pakhonde, zitseko zonse zotsegula, m'nyumba muli zii. Anandifunsa funso limodzi: "Ba Sisita, miyezi eyiti ija yapita m'madzi?" Sindinamuyankhe, chifukwa mtima wanga unali udakali pamoto. Ndikuyankha tsopano, pamaso pa anthu onsewa. Festus, siinapite m'madzi. Ubongo umene unachira kamodzi ungathe kuchiranso, ndipo ulendo uno ukudziwa pamene pali dzenje. Masabata awiri akubwerawa akhala owawa, mwina tidzafunika kupitanso ku Lusaka kukatenga mankhwala, ndipo tikapita tidzapita limodzi, wopanda malegeni. Kuyambira pamene ndinachoka kwanu dzulo sunasute. Wandiuza kuti m'mawa uno chakudya chakukana, koma wasamba, wavala, wabwera pakati pa anthu amene anakuona utamangidwa.

Olemekezeka nonse, pa pulogalamu palembedwa kuti ndikadula riboni, alendo a patebulo lino alowe poyamba kukaona zipinda. Mundikhululukire, ndasintha. Ife a majekete ndi maduku atsopano tidikire panja pang'ono, dzuwa silitipha. Woyamba kulowa akhale munthu amene nyumbayi yamudyera banja lake isanatsegulidwe n'komwe. Ba Patson, imirirani, pitani ku benchi lakumapeto mukamutenge, muyende naye mpaka pakhomo. Ife tonse tikuonani.

Tsono ndi mphamvu imene mwandipatsa, lero Loweruka pa 16 Ogasiti 1997, ndikulengeza kuti Nyumba ya Tiyambenso ndi yotsegulidwa, ndipo wodwala wake woyamba ndi amene anaiumba. Lowa, Festus, usawerame. Khoma lakutsogololi, lowongokali, ndi njerwa zako za m'mawa.

Zikomo kwambiri.