Nkhuku Yameza Kasipuling'i

Pa mzere wa m'sitolo ya masipeyala, mayi wina analephera kuugwira mtima ataona bambo wovala ovolosi yothimbirira atakupatira nkhuku m'khwapa.

"Bambo, kodi ayamba kugula nkhuku muno?"

"Ayi, mayi. Thirakitala yanga yakalamba, imangotsokomola osalira. Ndiye ndinamasula pampu ya dizilo n'kuyala tizitsulo take pa lichero. Kungocheuka pang'ono, mfiti iyi yameza kasipuling'i ngati chimanga."

"Osangoipha bwanji?"

"Ndi ya apongozi! Masiku atatu ndakhala ndikuilondola pambuyo, kufukula zitosi ndi kamtengo. Mvula yagwa kale, munda sindinalime."

"Nanga muno mwaibweretseranji?"

"Wogulitsayu anandibweza dzulo. Akuti sandipatsa kena mpaka ndibwere ndi kakaleko. Ndabwera nakotu, akatulutse yekha."